Kodi nyimbo yoyamba ija ya mu The Lion King imati chani kwenikweni?

Funso: Zikomo akonzi. Ana anga amaonera The Lion King pafupifupi daily moti nyimbo yoyamba ija, Circle of Life, ndachita kuyiloweza osafuna. Koma tikukangana ndi alamu anga, iwo akuti mawu amene munthu uja amafuula dzuwa likamatuluka ndi Chiswahili, ine ndimaona ngati ndi phokoso chabe lokometsera. Nditasaka pa intaneti ndapeza mawu osiyanasiyana, ena mpaka mavesi ake ndi ena ena. Olondola ndi ati? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Amayi, pepani koma nonse awiri mwaphonya. Si Chiswahili komanso si phokoso, ndi Chizulu. Alamu anuwo musawaseke kwambiri chifukwa mufilimuyi Chiswahili chilimo ndithu, maina ngati Simba ndi Rafiki komanso Hakuna Matata ndi za Chiswahili, nde anthu ambiri amangoti basi zonse ndi chimodzimodzi. Amene amafuula uja ndi Lebo M, dzina lake lonse Lebohang Morake, wobadwira ku Soweto ku South Africa, anachoka kwawo ali mnyamata nthawi ya tsankho mpaka kukapezeka ku America. Anamuitana ndi Hans Zimmer yemwe ankakonza nyimbo za mufilimuyi, awiriwa anali atagwirapo kale ntchito limodzi pa filimu ina ya 1992, The Power of One.

Mawu ake ndi "Nants ingonyama bagithi baba", kutanthauza kuti nawu mkango, anthu akwathu, bambo. Kwaya ija imavomera kuti eya ndi mkangodi, kenako pamabwera mawu oti tidzagonjetsa, nkumaliza ndi aja amangobwerezedwa pansipansi aja onena za mkango ndi kambuku wamawanga. Ena akamva zimenezi amakhumudwa eti, amayembekezera chinachake chozama nde akungomva kuti kukubwera mkango. Koma kwa Azulu ingonyama ndi dzinanso laulemu la mfumu yawo, nde munthu uja sakuchenjeza anzake kuti thawani chilombo ayi, akulengeza kuti mfumu yafika, ndipo mukaona zimene zikuchitika pa sikirini, nyama zonse kukhamukira kuthanthwe kuja nkugwada nyani uja Rafiki atanyamula kamwana ka mkango kaja, Simba, m'mwamba, muona kuti zikugwirizana bwinobwino.

Za kusiyana kwa kalembedwe musavutike nazo. Ena amalemba bagithi ena bakithi chifukwa k wa Chizulu pamalo ngati amenewa amamveka mofewa ngati g, ndipo ambiri amene amaika mawu a nyimbo pa intaneti Chizulu sachidziwa, amangolemba zimene khutu lawapatsa.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa mavesi achingerezi, chifukwa apa pali nyimbo ziwiri zodziwika ndi dzina limodzi. Mawu achingerezi onse analemba ndi Tim Rice, chuni ndi cha Elton John. Imene ana anu amamva mufilimu ya 1994 anayimba ndi mayi wina dzina lake Carmen Twillie, ndi yaifupi, ikukamba za kubadwa, kutsegula maso nkuona dzuwa, kuti zapadziko ndi zambiri zoti munthu sungazione zonse, ndipo kolasi yake ikuti moyo umatizunguza tonse kudutsa mu kutaya mtima ndi chiyembekezo mpaka aliyense apeze malo ake. Pomwe Elton John anajambula yakeyake ya pa wailesi, kufuula kwa Lebo M kuja mulibe, ndipo muli mavesi amene mufilimu simungawamve. Muli zoti ena amati idya kapena udyedwe, ena amati aliyense azikhala mmene akufunira, koma usatenge zoposa zimene wapereka. Mulinso zoti ena amagwera m'mbali mwa njira pomwe ena amakwera mpaka kunyenyezi, ena amatsala ndi zipsera. Kolasi nayo anaisintha, iyeyu akukamba za gudumu la mwayi. Mwachidule ya mufilimu ndi yolandirira mwana wa mfumu, ya Elton ndi ya munthu wamkulu amene waona kuti moyo sugawa mofanana.

Ine pandekha ndimakonda ya mufilimu, ya Elton imandimvekera ngati ulaliki pang'ono, ngakhale kunena zoona ndi imene ikunena chilungamo. Pajatu Mufasa, mfumu ya mikango ija, amafotokozera mwana wake Simba kuti mikango imadya agwape, ikafa imasanduka udzu, agwape nkudya udzuwo, nde zonse ndi zolumikizana. Zomveka, kungoti nzeru imeneyi imakoma ukakhala kuti mkangoyo ndiwe, agwape aja palibe anawafunsa maganizo.

Mukapitiriza kusaka mupezanso ina ya sewero la pasiteji limene linayamba ku Broadway, ku New York, mu 1997, mmenemo Rafiki ndi mzimayi ndipo ndi amene amatsogolera nyimboyi, woyamba kuchita gawoli anali Tsidii Le Loka. Mufilimu imene anaipanganso mu 2019 anayimba ndi Lindiwe Mkhize limodzi ndi Lebo M yemwe uja. Onjezerani kuti filimuyi anaimasulira m'zinenero zambirimbiri, Chizulu chomwe, ndipo womasulira aliyense amapinda mawu kuti alowe mu chuni, nde musadabwe kuti zimene mukupeza sizikufanana.

Ngati mukufuna mawu oti muziyimba ndi ana, sakani pa YouTube dzina la nyimboyi muphatikize ndi Carmen Twillie, osati Elton John. Alamu anuwo auzeni kuti pa Hakuna Matata pokha ndi pamene akhoza.