Mwafunsa, Tayankha: Galimoto Yodzimangira Yatha, Nanga Nambala Ibwera Liti?

FUNSO: Akonzi, ndamaliza kumanga kagalimoto ka mipando iwiri m'galaja kuno ku Leeds. Chesesi ndi yatsopano, koma injini, giyabokosi ndi chiwongolero ndinazula m'Mazda MX-5 yakale. Fomu ya IVA 1C, yopempha kuti galimotoyi iyesedwe, ndatumiza. Ndidikira mpaka liti, ndipo ndingakaiyeseko mumsewu? B.K., Leeds

YANKHO: Bambo B.K., mudikira kawiri, chifukwa maofesi ake ndi awiri. A DVSA, bungwe la boma la Britain loyesa magalimoto, amayesa galimotoyo pa mayeso a IVA oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, amene analowa m'malo mwa mayeso akale a SVA mu 2009, ndipo nthawi zambiri amapereka tsiku pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Mtengo ndi mapaundi 450. Ikalephera, kubwereza ndi mapaundi 90, bola mubwerere isanathe miyezi 6. Ikapambana mumalandira satifiketi, ndiye mumayamba kudikira a DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto ku Swansea, amene angatenge masabata 6 kuti atumize V5C, imene kwathu tikanati bulubuku.

Zoiyesa mumsewu iwalani. Ulendo wololedwa ndi wopita ku mayeso amene mwapatsidwa kale tsiku ndi wobwerako, mutagula inshuwalansi pa nambala ya chesesi. Ngakhale yapambana, ikhale m'galaja mpaka V5C ifike. Ife timati ikwezeni pa ngolo, chifukwa galimoto imene sinayendepo imaonetsa matenda ake pa ulendo woyamba. Thanki ikhale yodzaza, popeza amaiyeza pa sikelo, ndipo mutenge masipanala. Woyesa amalola kukonza tinthu tating'ono pomwepo nthawi ikakhalapo.

FUNSO: Chimagwetsa anthu ambiri n'chiyani? Ndikufuna ndikonzeretu tsiku lisanafike. Mayi T.M., Luton

YANKHO: Mayi, injini sikawirikawiri imagwetsa munthu. Chimagwetsa ndi nsonga. Woyesa amagubuduza mpira wa mamilimita 100 kunja kwa galimoto, ndipo paliponse pamene wakhudza payenera kukhala pobulungira ndi mamilimita 2.5 kapena kuposa. M'kati amagwiritsa mpira wa mamilimita 165. Cholinga n'chakuti woyenda pansi kapena wokwera asang'ambidwe pa ngozi. Choncho mitu ya mabawuti a kutsogolo, kukamwa kwa ekizosi, mahinji a boneti ndi m'mphepete mwa madigadi zimafuna zivindikiro ndi mphira womatidwa zolimba. Tepi ndi siponji yongopachika amazikana. Dulani katoni yozungulira ya muyeso umenewo, muyende nayo galimoto yonse.

Kachiwiri ndi mabuleki. A kutsogolo agwire asanagwire a kumbuyo, apo ayi galimoto imazungulira ikamangidwa mwadzidzidzi. Ngati munaika kachitsulo kosinthira mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, kakhomereni kuti kasasinthikenso. Nyali yochenjeza kuti mafuta a mabuleki atsika iyake ndithu, ndipo pakhale njira yoiyesera muli pampando.

Phokoso lisapose madesibelo 99, loyezedwa theka la mita kuchokera pa ekizosi, injini ikuthamanga magawo atatu mwa anayi a liwiro limene imatulutsira mphamvu zake zonse. Apa pali msampha: liwirolo amalitenga pa fomu yanu, ndiye wolemba nambala yokokomeza modzitama amadzikweza yekha phokoso. Sipidomita isanene liwiro lochepera lenileni. Ikamaloza 70, galimoto ikhale ikuyenda pakati pa mamailo 57 ndi 70 pa ola. Kusintha kukula kwa matayala ndiko kumaisokoneza. Chiwongolero chizionetsa kubwerera chokha mukakhota. Chikakana, onani kupendekeka kwa miyendo ya kutsogolo ndi mpweya wa m'matayala. Mawaya amangidwe pasapitirire mamilimita 300, kutali ndi ekizosi.

Za utsi, mlingo umatsata zaka za injini, osati tsiku limene mwamaliza kumanga. Injini ya kuyambira Ogasiti 1995 imayesedwa pa mlingo wofuna catalytic converter, chipangizo cha mu ekizosi chochepetsa utsi woipa. Popanda umboni wa zaka zake, monga kalata ya kampani yoipanga kapena V5C ya galimoto imene munaizulamo, amaiyesa ngati yatsopano, ndipo injini ya Ford Pinto yakale ya kabyureta singapulumuke pamenepo.

FUNSO: Mnzanga anapatsidwa nambala yoyamba ndi Q. Ndingaizembe bwanji? D.P., Glasgow

YANKHO: Q imatanthauza kuti a DVLA sakutsimikiza zaka kapena chiyambi cha galimotoyo. Imayenda mumsewu bwinobwino, koma simungaikepo nambala yodzisankhira, ndipo ogula ena amaichepetsa mtengo. Chimaweruza ndi mapepala, osati kukongola kwa penti.

Nambala ya chaka chino imafuna kuti zida zonse zikhale zatsopano ndi malisiti ake. Amalola chachikulu chimodzi chokha, monga giyabokosi, chokonzedwanso kukhala ngati chatsopano, ndi umboni wake. Fomu yake ndi V55/4. Nambala yotsata zaka za galimoto yozulidwa imafuna chesesi yatsopano ya kampani yogulitsa zida zodzimangira galimoto, ndi zida zazikulu ziwiri zochokera m'galimoto imodzi yomweyo. Fomu yake ndi V55/5, ndipo apa mpamene a B.K. a ku Leeds akugwera, ngati anasunga V5C ya Mazda ija. Wogula injini uku, giyabokosi uko pa msika wa pa intaneti wa eBay, opanda mapepala, ndiye amathera pa Q.

M'envelopu muikemo satifiketi ya IVA, fomu ya V627/1 yofotokoza kumene chida chilichonse chinachokera, malisiti, zithunzi za kamangidwe, umboni wa dzina ndi adiresi, msonkho wa pamsewu ndi mapaundi 55 olembetsera. Jambulani chilichonse musanatumize. Nambala ya chesesi ya zilembo 17 ifanane pa chitsulo, pa kambale ka nambala komatidwa pa galimoto ndi pa mapepala onse. Chilembo chimodzi chikasiyana, envelopu imabwerera ndipo masabata aja mumayambiranso kuwerenga.