Mfuti ili pa benchi koma zipolopolo zikumwazikabe

FUNSO: Akulu, ndikamawombera chandamale pa benchi mfuti ndimaikhazika pa thumba la mchenga bwinobwino koma zipolopolo zikungomwazika, china m'mwamba china m'munsi. Vuto ndi mfuti kapena ndine?

YANKHO: Achimwene, musathamangire kuinena mfutiyo, nthawi zambiri ndi kagwiridwe. Mukakoka tiriga mfuti imayamba kubwerera m'mbuyo komanso paipi imanjenjemera chipolopolo chisanatuluke, nde ngati ulendo uno mwaipana zolimba paphewa, ulendo winawo mwalekerera, tsaya mwalipsinja mosiyana, mfuti imadumphanso mosiyana ndipo chipolopolo chimakagwera pena. Tangoganizani, pa mfuti yotalika mita imodzi kukamwa kwake kukangosuntha milimita imodzi yokha, pa mamita 100 mwaphonya ndi masentimita 10.

Chinanso, pathumbapo pazikhala thabwa lakutsogolo lija osati paipi, ndipo malo omwewo nthawi zonse. Kuikhazika pa chinthu cholimba ngati tebulo lenilenilo ndiye ayi, imanjanja.

Ena amaigwira mongokhudza kuti ibwerere yokha, izi zimayenda pa mfuti zolemera zosamenya phewa kwambiri, ngakhalenso za mpweya za sipuling'i zija zimafuna dzanja lofewa. Koma yamphamvu musayerekeze, sikopu, kagalasi koonera chandamale kaja, idzakung'ambani pachikope, mfuti imeneyo ikokereni paphewa ndithu.

Yesani zipolopolo 5 mutagwira zolimba, zina 5 mopepuka, muone gulu lomwe lathithikana, basi muzigwira choncho.