Yankho la achemwali pa za khadi la mapointi

Eee, mng'ono wanga, uthenga wako ndauona. Kulemba sinditha, zala zatopa, ndiye ndingolankhula basi. Ndayankhira dala pa gulu pompano chifukwa ndikudziwa kuti alamu ako a ku Leeds nawonso nkhani yomweyi ikuwayabwa, kungoti safunsa poyera. Wati mnzako wa kuntchito wakuuza kuti utenge khadi la ngongole la American Express, lija la British Airways, uzigulira chilichonse pamenepo, mapointi akachuluka Disembala ukwere ndege ulere kupita kumudzi. Ndiye ukufunsa ngati n'zoona, komanso ngati si bwino kungotenga lija lobweza ndalama, la cashback.

Zoona zilimo, koma si mmene wakukometsera muja. Ndipo umufunse kaye mnzakoyo ngati sakufuna kukutumizira link yake. Amex, ndiye American Express ija, imapereka mapointi kwa munthu amene wabweretsa mnzake. Sindikuti ndi kamberembere, ayi, ifenso timatumizirana, koma udziwe kuti ulaliki wakewo uli ndi chopereka chake.

Tiye tiwerenge ndalama zako zenizeni. Lendi sungalipire ndi khadi, eni nyumba ambiri amafuna ndalama ichoke mu akaunti. Ndiye chotsala ndi chakudya, basi yopitira kuntchito, foni, tizovala, sopo. Tinene kuti zonse pamodzi ndi £600 pamwezi, ndipo apa ndakukomera mtima. Pachaka ndi £7,200. Khadi laulere la British Airways lija limapereka pointi imodzi, imene amaitcha Avios, pa paundi iliyonse, ndiye chaka chonse wapeza 7,200. Anthu amene amazitsata zimenezi amawerengera Avios imodzi ngati peni imodzi, mwina kuchepera apo. Ndiye kuti thukuta la chaka chonse lakupatsa cha m'ma £70. Ukatenga la cashback, makhadi ambiri osalipiritsa pachaka amabweza pakati pa 0.25 ndi 1 pa 100 iliyonse. Pa theka la paundi pa £100 iliyonse, chaka chikamatha uli ndi £36. Wamva? Si tikiti ya ndege imeneyo. Ndi basela, ngati tomato mmodzi amene amayi a pamsika amakuponyera mu jumbo ukagula mulu wonse. Basela salakwa, koma palibe amene amagula milu khumi yoti ikawolere kunyumba chifukwa chofuna basela.

Ukamaonera mavidiyo a pa YouTube aja, anthu akudzitama kuti ayenda dziko lonse ndi mapointi, uzionetsetsa, ambiri ndi a ku America. Kumeneko mabanki amadula ndalama yambiri kwa mwini shopu nthawi iliyonse munthu akalipira ndi khadi, ndiye ali nazo zogawira makasitomala. Kuno ku UK lamulo linabwera mu 2015 loti pa khadi la ngongole la Visa kapena Mastercard, banki isatenge zoposa 0.3 pa 100. Mphika unachepa, n'chifukwa chake zotigawira ndi zochepanso. Amex yokha ndiye imayesako kupereka zambiri, koma nayo imadula eni mashopu mokwererako, ndiye ena amaikana. Ku Sainsbury's ndi ku Tesco idutsa bwinobwino. Koma pita ku kashopu kaja timagulako ufa ndi nsomba zouma, ukatulutsa Amex mwini wake amangopukusa mutu n'kukulozera kapepala komata pa kauntala. Ndiye munthu wa Amex amayenera kukhala ndi khadi lina m'chikwama.

Tsopano mvetsera apa, chifukwa ndi pamene pali nkhani yonse. Makhadi amenewa chiwongoladzanja chake chimaposa 20 pa 100 pachaka, ndipo a mapointiwa nthawi zambiri ndi amene amakwera kwambiri. Ukasiya ngongole ya £1,000 pa khadi la 25 pa 100, mwezi uliwonse akudula cha m'ma £20. Miyezi inayi yokha, £70 ya mapointi a chaka chonse ija yapita, wayambanso kuwonjezera zako. Banki si yopusa. Mapointi amene ine ndimalandira akulipira ndi anzathu amene amalephera kumaliza ngongole mwezi ukatha.

Ndiye lamulo ndi limodzi. Tsiku limene khadi lafika, usanaligwiritse n'komwe, lowa pa apu ukhazikitse direct debit, chilolezo choti azidula okha ndalama ya khadi mu akaunti yako mwezi uliwonse. Akufunsa kuti azidula zingati, ndipo pamakhala mabokosi atatu: minimum (kandalama kochepetsetsa kololedwa), ndalama yoika wekha, ndi full balance (ngongole yonse). Dina full balance. Ka minimum kaja kamaoneka kabwino, mwina £25 yokha pa statement, koma ndi kamene kamasunga anthu m'ngongole zaka ndi zaka. Ukamalipira yonse mwezi ndi mwezi, zogula zako sizibala chiwongoladzanja ngakhale peni, ndipo makhadi ambiri amakupatsa mpaka masiku 56 usanalipire. Uikenso tsiku lodula likhale masiku awiri kapena atatu malipiro atalowa, osati asanalowe. Ine ndimachita chonchi: ndikagula za £40 ndi khadi, ndili pa basi pomwepo ndimasuntha £40 kuchoka mu akaunti ya malipiro kupita mu kathumba kena ka pa apu. Mwezi ukamatha ndalama ya khadi ili kale pambali, sindiyiona ngati yanga. Ngati ukudziwa mumtima mwako kuti zimenezi sungazithe, kuti ukaona limit, malire a ngongole imene akulola, ya £2,000 mtima uyamba kukuuza za sofa yatsopano, usatenge khadi lililonse. Palibe manyazi pamenepo.

Amayi, ndikudziwa mukumvera, musadandaule, palibe amene walowa m'ngongole. Tikungophunzitsana.

Ndibwerere ku za ndege zija. British Airways sifika ku Lilongwe kapena ku Chileka. Imathera ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Nairobi. Ndiye ngakhale utakhala ndi Avios zokwanira, zikakusiya pa Johannesburg, pamenepo ugulenso tikiti ina ya Airlink kapena Malawi Airlines ndi ndalama zako. Matikiti awiri osiyana ali ndi mavuto ake. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri sikudikira ndipo sakubwezera kanthu. Katundu naye, iwe ndi masutikesi ako awiri a 23 kg odzaza nsapato za ana a achimwene, ukhoza kupeza kuti tikiti yachiwiriyo ikulola sutikesi imodzi yokha. Qatar Airways nayo inayamba kugwiritsa Avios mu 2022, imafika ku Lusaka ndi ku Harare, koma kuchoka ku Lusaka kudzera pa Chipata mpaka pa Mchinji ndi tsiku lathunthu pa basi.

Kuwonjezera apo, tikiti ya mapointi si yaulere. Misonkho ndi ndalama zina za kampani ya ndege umalipira ndithu ndi mapaundi. Ulendo wa ku Johannesburg kupita ndi kubwera umafuna Avios masauzande makumi angapo, iwe ukupeza 7,200 pachaka, werengera wekha zaka zake. Mipando ya mapointi m'ndege imakhalanso yowerengeka. British Airways imaitulutsa kutatsala masiku 355, ndipo ya Disembala ya ku South Africa anthu amaidikirira usiku, ikangotuluka yatha. Iwe rota yako, ndandanda ya masiku a ntchito, ya Disembala umaidziwa liti? Abwana ako akhoza kukupatsa tchuthi chaka chisanafike? Aaa, tisanamizane.

Pali ija amati companion voucher, yoti munthu wachiwiri akwere osalipira mapointi. Ndi yabwino kwa banja la anthu awiri olandira bwino. Koma imafuna ugule za £15,000 pa khadi m'chaka chimodzi, ndipo khadi lake lalikulu, la Premium Plus, amadula £300 pachaka. Iwe sunafike pamenepo, ndipo usadzikakamize kufikapo.

Ife a ku Malawi ndege zathu ndi Ethiopian kudzera ku Addis Ababa ndi Kenya Airways kudzera ku Nairobi. Ethiopian imanyamukanso pa Manchester pompano. Chimene ungachite lero osalipira kanthu, osatenga ngongole, ndi kulembetsa ShebaMiles, ndondomeko ya mapointi ya Ethiopian, n'kumaika nambala yako pa tikiti iliyonse. Ulendo umodzi wopita kumudzi ndi mtunda wautali, mamailosi ake si ocheperapo. Kenya Airways ili m'gulu la SkyTeam, la makampani a ndege amene amalandirana mapointi, ndipo Virgin Atlantic inalowa m'gulu lomwelo mu 2023, ndiye amene akufunitsitsa mapointi oti amufikitse pa bwalo la ndege la Kamuzu penipeni ayang'ane mbali imeneyo m'malo mwa Avios. Koma kwa iwe, maganizo anga ndi oti cashback ndiye yokuyenera. Ndi yochepa, inde, koma paundi ndi paundi, ugulira tikiti ya kampani iliyonse imene yatchipa sabata imeneyo. Mapointi mwini wake ndi kampani, ikhoza kudzuka m'mawa n'kunena kuti ulendo womwe uja tsopano ukufuna ochulukirapo, ndipo Avios ukazisiya miyezi 36 osawonjezera kapena kugwiritsako zimafa.

Pamene pali phindu looneka ndi pa mphatso yolowera. Makhadi ambiri amati ukagula za ndalama zakutizakuti m'miyezi yoyambirira akupatsa mapointi ambiri nthawi imodzi, kapena cashback yokwera, ina mpaka 5 pa 100 koma ili ndi malire. Nzeru yake ndi kutenga khadi nthawi imene uli kale ndi chinthu chachikulu choti ugule ndipo ndalama yake wasunga kale. Tikiti yopita kumudzi ndi imeneyo. Wasunga £900 yako, watenga khadi, wagulira tikiti, direct debit yadula £900 ija, mphatso yalowa. Osati kuyamba kusakasaka zogula kuti ukwanitse nambala.

Ndipo tikiti ya ndege uzigulira khadi la ngongole ngakhale patapanda mapointi, chifukwa cha lamulo lija amati Section 75, la mu Consumer Credit Act ya 1974. Chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000, ukachigula ndi khadi la ngongole ndiye wogulitsa osakupatsa, banki nayo ili ndi mlandu, iyenera kukubwezera. Kampani ya ndege ya Monarch itagwa mu 2017 ndi ya Thomas Cook mu 2019, anthu ambiri amene anangogula tikiti yokha anapulumukira pamenepo. Kwa ine chimenechi chimaposa mapointi onse. Kungoti ugule mwachindunji ku kampani ya ndege. Ukadzera kwa ma agent, makamaka awa a pa WhatsApp oti tumizani ndalama mu akaunti yanga, chitetezo chimenechi chimavuta kapena kusowekeratu.

China chimene chimapweteka anthu athu: kutumiza ndalama kumudzi. Munthu amaganiza kuti mwezi uliwonse ndimatumiza £200 pa WorldRemit kapena Mukuru, bwanji ndizilipira ndi khadi la ngongole ndipeze mapointi. Usayerekeze. Mabanki ambiri amaziwerengera ngati watapa ndalama pa ATM. Akudula cha m'ma 3 pa 100 pomwepo, chiwongoladzanja chiyamba tsiku lomwelo popanda masiku 56 aja, ndipo mapointi sakupatsa. Ya pa Airtel Money ndi Mpamba ya amayi izichoka pa debit khadi, monga mwa nthawi zonse.

Ukafika kumudzi nakonso, makhadi ambiri amadula pafupifupi 3 pa 100 pa chilichonse chogula kunja kwa UK, ndiye ka 1 pa 100 kako kamira pomwepo. Alipo osadula, monga Halifax Clarity ndi Barclaycard Rewards, ndipo ndi a Visa kapena Mastercard, amene makina a m'mashopu akuluakulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre amalandira. Amex ukaisiye m'sutikesi. Makina akakufunsa kuti ulipire mu mapaundi kapena mu kwacha, sankha kwacha.

Koma iwe sunathe chaka kuno, ndiye mwina sangakupatse n'komwe makhadi abwinowa. Mabanki amayang'ana mbiri yako ku makampani osunga mbiri ya ngongole, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo yako ikadali pepala loyera. Yamba ndi kulembetsa pa kaundula wa ovota ku khonsolo yako. Malawi ili mu Commonwealth, ndiye poti uli ndi visa ukuloledwa, ndipo mabanki amatsimikizira adiresi yako pamenepo. Ukatero gwiritsa eligibility checker, ya pa MoneySavingExpert ndi yaulere, imakuonetsa makhadi amene angakuvomere osasiya chipsera pa mbiri yako. Usamangofunsira uku ndi uku, pempho lililonse lenileni limalembedwa, ndipo akakukana katatu motsatizana wachinayi amayamba kukukayikira. Mwina uyambira pa makhadi omangira mbiri, monga Aqua kapena Capital One. Limit yake ndi yaing'ono, chiwongoladzanja chake chimaposa 30 pa 100, mapointi mulibe kwenikweni. Uzingogulira basi ndi foni, direct debit izidula yonse, pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka zitseko zina ziyamba kutseguka. Ukaphonya kulipira, chizindikiro chake chimakhala pa mbiri yako zaka 6, ndipo tsiku limene udzafune mortgage, ngongole yogulira nyumba, adzachiona.

Alamu, inu amene muli ndi zaka zingapo kuno ndipo mumayendetsa galimoto kupita kwa odwala m'makomo, petulo wanu yekha ndi wambiri, inuyo cashback ikupindulirani kuposa mng'ono wangayu. Koma khadi lachiwiri lija amapereka kuti mupatse wachibale, musamupatse msuweni wathu uja ngakhale alire bwanji. Chilichonse chimene angagule, ngongole ndi yanu, dzina ndi lanu.

Iwe, Lamlungu ukaweruka undiyimbire pa vidiyo, ukhale ndi statement ya miyezi itatu pafupi, tidzaone limodzi kuti pa khadi pangadutse zingati zenizeni, kenako tidzayese checker ija. Link ya mnzakoyo usadine kaye.