Musamusenzetse mmisiri yekha mtolo wonse

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwabwino kugwirizana ndi kontilakitala mtengo umodzi wosasintha kuti akumangireni mashopu pa Kasungu boma, inu muzingodikira makiyi. Ine ndikuti ayi, makamaka ndi mmene kwacha ikuyendera.

Kumbukirani mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Amisiri amene anali atasainira mitengo yakale, ndalama ya zipangizo inawathera panjira. Ndiye mmisiri akapanikizika sakuuzanitu. Thumba limodzi la simenti amaliwonjezera mawilibala a mchenga, mu lintala n'kuikamo zitsulo zowonda, apo ayi amangozimitsa foni nyumba ili pa windo. Ming'alu ikadzayamba, khomalo ndi lanu.

Khalani pansi anthu atatu pulani isanapite ku khonsolo: inu, wojambula ndi mmisiri. Mmisiri amaona zimene kompyuta siionetsa. Ngati puloti yanu ili chakudambo, dothi lake lamakande limafufuma ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo maziko a pamalo otere amadya ndalama. Bola mudziwiretu musanakumbe.

Mukatero gwirizanani ndalama yoyerekeza ya ntchito yonse, malisiti onse akhale poyera. Ikatsalako mugawane, ikapitirira mugawanenso pa mlingo umene mwapangana. Apa mudzaona mmisiri akulondola thumba lililonse ndi kukalipira anyamata akamataya matope, chifukwa nayenso ali ndi gawo lake.

Koma si vuto lililonse logawana ayi. Simenti ikakwera mtengo ku fakitale ya Shayona, mmisiri alibe nazo mphamvu, zimenezo ndi zanu. Ndalama za fodya zikatuluka ku Chinkhoma guliranitu malata ndi zitsulo, koma simenti musaunjike, imauma ikakhalitsa. Mukasintha maganizo pakati pa ntchito, mwina mukufuna khonde lalikulu, lipirani inuyo mosanyinyirika. Khoma likapendama chifukwa cha mphwayi zake, agwetse n'kumanganso ndi ndalama zake.

Zonsezi zilembedwe, musainirane pamaso pa mboni, ndipo akuonetseni chiphaso chake cha ukontilakitala. Muzilipira gawo likatha, maziko, lintala, denga. Pa malipiro aliwonse muzisungako 5 peresenti, mudzamupatse dzinja limodzi likadutsa denga osadontha. Izinso mumuuziretu tsiku loyamba, asadzaone ngati mukumubera.