Kodi ndisiye Chrome n'kuyamba browser ina?

FUNSO: Foni yanga ndi ya Android, yakalambako ndithu. Ndikatsegula masamba a nkhani pa Chrome, zotsatsa malonda zimadzaza paliponse, tsamba limadumphadumpha ndisanayambe n'komwe kuwerenga, ndipo bandulo sichedwa kutha. Mwana wa mchemwali wanga akuti ndiikemo Brave kapena Opera Mini. Kodi foni siisokonekera? Nanga mapasiwedi anga zikhala bwanji? — Mayi wowerenga magazini ino

YANKHO: Mayi, musade nkhawa, foni siisokonekera. Mutha kukhala ndi ma browser awiri kapena atatu m'foni imodzi popanda vuto. Chrome isiyeni pomwe ili, poti m'mafoni ambiri a Android siichoka n'komwe, ndipo inayo muiike pambali pake kuti muziyerekeze.

Chikukudyerani bandulo si nkhani mukuwerengayo ayi. Mawu okha ndi opepuka zedi. Zolemera ndi zithunzi, mavidiyo otsatsa malonda amene amangoyamba okha, ndi timapulogalamu tobisika tolondola zomwe mukuchita pa intaneti. Kale Chrome ya pa Android inali ndi Lite mode yochepetsa data, koma Google inaichotsa mu 2022. Chrome ya pafoniyi siilolanso kuikamo zida zowonjezera zotsekereza zotsatsazo, ndiye dandaulo lanu ndi lomveka.

Brave imatsekereza zotsatsa zambiri mukangoiika, osasintha kalikonse. Mkati mwake muli Chromium, maziko omwewo a Chrome, Edge ndi Samsung Internet, choncho masamba adzaoneka monga munawazolowera. Chimene sichindisangalatsa pa Brave ndi nkhani za ndalama za crypto zomwe imakonda kukuikirani patsogolo. Mutha kungozinyalanyaza.

Ineyo ndimagwiritsa ntchito Firefox ya bungwe la Mozilla. Iyi ili ndi injini yakeyake yotchedwa Gecko, ndipo pa Android imalola kuikamo uBlock Origin, chida chowonjezera chotsekereza zotsatsa. Pali tsamba lina la nkhani limene ndinkati ndikafuna kudina mutu wa nkhani, chithunzi cha malonda n'kutulukira pansi pa chala changa, n'kundipititsa kwina. Chiikireni uBlock Origin, tsambalo limatseguka n'kukhala phee. Masamba ena amakana kutseguka akaona kuti mwatsekereza zotsatsa, poti ndi mmene eni ake amapezera ndalama. Ngati tsambalo mumalikonda, mutha kulilola lokhalo kuti lizionetsa malonda ake, ndipo ine ndimatero pa masamba amene ndimawawerenga tsiku ndi tsiku.

Opera Mini ndi ya mtundu wina. Inachokera ku Norway ndipo inafalikira dziko lonse mu 2006, nthawi ya mafoni a mabatani. Mukapempha tsamba, limadzera kaye pa makompyuta a kampani ya Opera, iwo n'kulifinya kuti lichepe lisanakupezeni. Pa netiweki yofooka imathandiza kwambiri. Koma mukaiika pa Extreme, njira yake yofinya masamba kwambiri, masamba ena amaoneka oduka mutu, mabatani ena osagwira ntchito, ndiponso zonse mukulemba zimadzera m'manja mwa kampaniyo. Muiwerengere nkhani, koma za kubanki musazitsegulire pamenepo.

Za mapasiwedi, amene munasunga mu Chrome ali mu akaunti yanu ya Google kapena m'foni momwemo ndipo sasowa. Kungoti browser yatsopanoyo siiwadziwa, ndiye pa Facebook ndi pa imelo mudzalowanso kachiwiri. Onetsetsani kuti pasiwedi ya imelo mukuikumbukira musanayambe.

Pulogalamuyo muitenge pa Play Store basi, ndipo muyang'ane dzina la oipanga lili pansi pake: Mozilla, Brave Software kapena Opera. Fayilo ya APK (fayilo yoikira pulogalamu m'foni) yomwe wina wakutumizirani musaiike, ngakhale akhale m'bale wanu, chifukwa browser imaona chilichonse chomwe mumalemba.

Kwa amene muli ndi iPhone, kusiyana kwake n'kochepa. M'mayiko ambiri Apple imafuna kuti browser iliyonse iziyendera injini ya WebKit, yomweyo ya Safari.

Mayi, yambani ndi Brave poti siifuna kukonzakonza. Igwiritseni ntchito sabata yathunthu pa masamba omwe aja, kenako mulowe mu Settings, pa Data usage, muone kuti yadya zochuluka bwanji poyerekeza ndi Chrome. Ikakukomerani, pitani pa Apps, kenako Default apps, musankhe iyoyo pa Browser app, kuti maulalo a pa WhatsApp azitsegukiranso momwemo.