Kakhungu ka selo, feteleza ndi paketi ya Thanzi

Mtsikana wina wa Fomu 3 wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Akuti aphunzitsi a Biology awauza kuti kakhungu kokuta selo (kagawo kakang'ono kwambiri ka thupi la chamoyo) kamasankha zolowa ndi zotuluka, ndiye akufunsa: "Kupatula kukhoza MSCE, zimenezi zili ndi ntchito yanji pa moyo wa munthu?"

Mwana wanga, ntchito yake ndi yaikulu kwambiri. Selo imene kakhungu kake kasiya kusankha, yafa basi.

Kakhunguka n'kopyapyala kwambiri, kosakwana mananomita 10 (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni imodzi), ndipo kanapangidwa ndi mizere iwiri ya mafuta. Okosijeni amadutsa m'mafutamo mosavuta. Koma mchere monga sodiyamu ndi potaziyamu, ngakhalenso shuga, sizingadutse zokha. Zimafuna timakomo ta mapuloteni, ndipo khomo lililonse lili ndi zake zimene limalola. Ena mwa mapuloteniwa amachita kupopa. Jens Skou wa ku Denmark anapeza pampu yotere mu 1957: imatulutsa sodiyamu atatu n'kulowetsa potaziyamu awiri, usana ndi usiku. Kusiyana kwa mchere wa mkati ndi wa kunja kumeneku ndi kumene kumathandiza mitsempha kutumiza uthenga ndiponso mtima kugunda.

Madzi nawo amatsata kumene kwachuluka mchere. Ukapita kumunda, ona phesi la chimanga limene wina analithira feteleza patsinde penipeni nthaka ili youma. Limafota, masamba n'kupsa m'mphepete. Fetelezayo wachulukitsa mchere m'dothi, ndiye madzi akutuluka m'mizu m'malo molowa. N'chifukwa chake alangizi amati tizikumba kadzenje pataliko pang'ono.

Koma nkhani imene ndimafuna uigwire bwino ndi ya kolera, matenda amene ife a ku Zomba timawadziwa, makamaka kwa asodzi okhala m'zimbowera pa nyanja ya Chilwa. Poizoni wa kachilombo koyambitsa kolera amachititsa khomo lotulutsira mchere wa kolorayidi m'maselo a m'matumbo kukhala chitsegukire. Mchere umakhuthukira m'matumbo, madzi n'kumautsatira, ndipo munthu wamkulu ndithu akhoza kuuma thupi n'kumwalira tsiku lomwelo.

Mwayi wake ndi woti pali khomo lina limene kolera salikhudza. Limeneli limalowetsa sodiyamu pokhapokha akabwera limodzi ndi shuga wa gulukosi. Wasayansi wina, Robert Crane, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1960. Sodiyamu ndi gulukosi akalowa, madzi amawalondola kubwerera m'magazi. Paketi ya Thanzi imene amakupatsa kuchipatala inakhazikika pamenepo. Shuga amene alimo si wokometsera mkamwa ayi, ntchito yake ndi kuperekeza mchere pakhomo. Kwa ine, pa zinthu zonse zimene sayansi ya maselo yabweretsa, chimenechi ndi chimodzi mwa zopambana, ngakhale kuti m'kalasi timangochidutsa mothamanga.

Tsono muyezo ndi wofunika. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Ena, pomumvera chisoni mwana, amawonjezera shuga kapena kumugulira chakumwa chozizira cha m'botolo. Shuga akachuluka amatsalira m'matumbo n'kuyamba kukoka madzi kuchoka m'thupi, kutsegula m'mimba n'kumakulirakulira. Ukadzaona wina kwanu akuchita zimenezo umuletse, ndipo wodwalayo azimwa Thanzi muli pa ulendo wopita naye kuchipatala.