Mitu ya zipolopolo ya alenje: geni yake imayenda chonchi

Achimwene, mwati kasitomala wanu wa ku Chipata, amene ali ndi mfuti ya chiphaso yosakira nswala ndi mbawala, wakutumani kuti mukamuodere mitu ya zipolopolo ku Joni. Ndiye mukufunsa kuti geni imeneyi imayenda bwanji, komanso mutenge iti pakati pa flat base ndi boat tail. Ndiyamba ndi za pa boda, chifukwa ndi pamene anthu amagwera m'mavuto.

Katundu ameneyu sakwera basi, ndipo sapatsidwa kwa malayitsha kuti amubise pansi pa mabulangete. Ine nsapato za m'tchire, mipeni, zikwama za mfuti ndi zoonera patali ndimanyamula ndekha. Koma chilichonse cholowa m'chipolopolo chimachoka kwa wogulitsa wa chiphaso ku South Africa kupita kwa wogulitsa wa chiphaso ku Zambia, ndi zilolezo za mbali zonse. Mukadzera ku Botswana n'kuwolokera pa mlatho wa Kazungula, mwadutsa malamulo a mayiko atatu, ndipo dobadoba wa pa boda sangakuomboleni katunduyo akapezeka. Kasitomala wanu ayambe wapita kupolisi ya kwawo akamve zimene chiphaso chake chikumulola. Ntchito yanu ndi yanga ndi kulemba oda yolondola, kupeza mtengo wabwino, n'kulumikiza ogulitsa awiriwo. Phindu lathu limachokera pamenepo.

Ku South Africa alenje ambiri amalonga okha zipolopolo, zimene iwo amati reloading. Lamulo lawo la mfuti la 2000 limalola mwini chiphaso kulongera mfuti yakeyo. Amatola zigoba zamkuwa zimene anaombera kale, n'kuikamo primer (kachitsulo koyatsa wonga), wonga ndi mutu watsopano. Mutuwo ndiwo umauluka kukalasa nyama, ndipo ndi umene inu mwatumidwa.

Mukauimika patebulo mudzaona kusiyana kwake. Wa flat base uli ndi thako lathyathyathya, umakhazikika ngati kabotolo. Wa boat tail umaonda kumbuyo ngati kumchira kwa bwato, n'chifukwa chake anaupatsa dzinalo. Kuondako kumachititsa kuti mpweya uzitsekeka bwino kumbuyo kwa chipolopolo, choncho sichifulumira kutha liwiro, sichigwa kwambiri, ndipo mphepo yapambali siichikankha kwambiri. Si nzeru ya dzulo: asilikali a ku France anali nacho kale chipolopolo chotere mu 1898.

Ogula ambiri akangomva zimenezi amathamangira boat tail, ndipo ogulitsa amasangalala nazo. Ine ndimayamba ndafunsa kuti munthuyo amasaka kuti. Phindu la mchira wa bwato limaoneka chipolopolo chikayenda mtunda wautali. Pa mamita 100 simungasiyanitse n'komwe. Pa mamita 300, mitu iwiri yolemera mofanana imasiyana ndi masentimita owerengeka chabe, pamene malo a mtima ndi mapapo a nswala ndi aakulu ngati mbale ya ndiwo. Mlenje wa ku Karoo kapena Free State, amene amaombera nyama za kumeneko monga springbok ndi blesbok pachigwa chopanda mtengo mphepo ikuwomba, ameneyo boat tail imamuthandiza. Koma wa m'tchire la Limpopo kapena m'chigwa cha Luangwa, pakati pa mitengo ya tsanya, nyama amaiona pafupi, kawirikawiri osafika mamita 100. Kwa iyeyo flat base ndi yokwanira, ndipo nthawi zambiri ndi imene ndimalimbikitsa.

Chifukwa chake ndi ichi. Thako lathyathyathya n'losavuta kulipanga lofanana mbali zonse, ndiye limatuluka kukamwa kwa mpope wa mfuti mowongoka. Anthu a mpikisano wa benchrest, amene amalimbirana kuika zipolopolo zisanu m'bowo limodzi pa mayadi 100 ndi 200, ambiri amagwiritsa flat base. Chachiwiri, boat tail ndi yaitali kuposa flat base ya kulemera komweko, choncho imalowa kwambiri m'chigoba n'kudya malo a wonga, komanso imafuna mpope umene mizere yake imazungulitsa chipolopolo msanga. Mfuti zakale za .303, zimene mipope yake yadyeka, alenje ambiri amapeza kuti zimalunjika bwino ndi flat base. Chimene wolonga amakondera boat tail n'chakuti imatsetsereka mosavuta pakamwa pa chigoba poilonga, pamene flat base imafuna kuti pakamwapo mupaleko pang'ono kaye.

Ndipotu nyama sigwa chifukwa cha thako la chipolopolo. Chimene chimagwira ntchito ndi mmene mutuwo umatambasukira ukalowa m'thupi, ndiponso ngati mtovu wa m'kati ukhalabe m'chikhungwa chake chamkuwa ukagunda fupa. Alenje akale amadandaula kuti boat tail wamba imavula chikhungwa msanga ikagunda phewa pafupi, liwiro lidakali lalikulu. Kwa mbawala zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma munthu akati nthawi zina amasakanso ngoma, ndimamulozera mitu yolimba ngati Nosler Partition, imene yakhala pamsika kuyambira 1948 ndipo ili ndi khoma pakati logwira mtovu wakumbuyo.

Pashelefu mudzawazindikira motere: a kampani ya Sierra amatcha flat base yawo Pro-Hunter, boat tail yawo GameKing. Hornady InterLock imabwera mitundu yonse iwiri, ndipo bokosi la boat tail limalembedwa BTSP. Kulemera amalemba mu grain: 150 grain ndi pafupifupi magalamu 9.7, pamene 180 grain ndi magalamu 11.7. Mukafuna kuziona ndi maso zonse pamalo amodzi, chionetsero cha HuntEx chimachitikira ku Midrand, pafupi ndi Joni, nyengo yosaka ya m'miyezi yozizira isanayambe.

Cholakwa chimene chinandidyera ndalama sichinali cha thako ayi, chinali cha kukula kwa mutu. Kasitomala wina anangondiuza pafoni kuti mfuti yake ndi ya “thirty”, ine n'kulemba oda ya .308. Mapepala anatenga miyezi. Katundu atafika, mfuti ija inapezeka kuti ndi .303, imene imafuna mitu ya .311 kapena .312. Mabokosi aja anakhala pashelefu ya wogulitsa mpaka anapeza wina wowagula pamtengo wotsika, ndipo ndalama yotsalayo ndinalipira ndine. Kuyambira pamenepo sindilemba oda ndisanaone chithunzi cha nambala yodindidwa pampope, pamodzi ndi chiphaso cha mwini mfuti.

Choncho muimbireni kasitomala wanuyo lero, akutumizireni zithunzi ziwirizo, ndipo akuuzeni mtunda umene amaombera nthawi zambiri. Akati ndi m'tchire la Luangwa ndipo mfuti ndi .308 kapena .30-06, lembani flat base ya 150 kapena 165 grain. Oda yoyamba ikhale bokosi limodzi lokha, akaiyese papepala pa mamita 100 motsatira buku la kampani ya wonga, chifukwa mipope iwiri ya fakitale imodzi imatha kukonda mitu yosiyana. Ikamukomera, mudzaonjezera pa ulendo wachiwiri.